Khomo Lakuseri la Alamu Anga

Alamu anga, amuna a achemwali anga, ali ndi sitolo ya mankhwala. Ntchitoyo anaiphunzira bwinobwino, satifiketi ili pakhoma pamwamba pa furiji, koma anthu mumsewu mwathu amangowatcha a Mapiritsi, iwonso amavomera. Ine ndimasoka zovala pakhomo loyandikana nalo, choncho zochitika kumeneko ndimazimva ndili pamakina, ndifune ndisafune.

Munthuyu ndi wofatsa mpaka kukwiyitsa. Nkhalamba ikabwera ndi mapiritsi osakanikirana m'kapepala, amawasankhula limodzilimodzi, n'kujambula dzuwa ndi mwezi patimatumba kuti idziwe akumwa m'mawa ndi akumwa pogona. Anthu amawakhulupirira. Amawaonetsa zotupa za m'malo oti ngakhale akunyumba kwawo sanaonepo. Chilichonse chomwe apatsidwa amameza osafunsa kuti muli chiyani, ena mpaka kuchita kupempha jakisoni, ati mapiritsi amachedwa. Koma alamu atangololedwa kubaya katemera, anthu omwewo anasanduka akatswiri a zamankhwala.

Vuto linayambira pa benchi. Munthu akabayidwa katemera amayenera kukhala pansi kanthawi kuti aone ngati thupi lalandira bwino. M'sitolomo ndi mothina, ndiye alamu anaika benchi pakhonde. Tsidya la msewu kuli wometa, bambo wa pakamwa posatseka. Ataona anthu akutuluka n'kukhala phee, dzanja lili paphewa, anauza makasitomala ake kuti mankhwalawo amafoola miyendo. "Taonani, palibe amene akutuluka n'kumapita. Aliyense akuyamba wagwa kaye." Alamu analowetsa benchi mkati. Wometa anati tsopano ayamba kuwabisa.

Zinandinyansa. Ndinati, "Alamu, tawolokani msewuwu mukamutseke pakamwa uyo." Iwo anangoseka, nati munthu ukamukalipira amasiya kufunsa. Anawolokadi, koma kukametetsa, n'kumafotokoza za benchi modekha uku lumo likuyenda. Anabwerako mutu uli see, mphekesera ili pomwepo.

Chimene chinkandidya mumtima si wometa ayi, ndi bambo anga. Ali ndi mphumu, ndipo kukangozizira chimfine chimawatsikira m'chifuwa. Chaka chatha anagonekedwa m'chipatala ndi chibayo, akupumira m'machubu. Adokotala anati kusanazizirenso abayitse katemera wa chimfine. Koma bambo amaswera kwa wometa, ndipo kumeneko ndi munthu wamkulu, akalankhula anthu amatchera khutu.

Alamu sanawakakamize. Bambo akabwera kudzatenga mankhwala awo opopera m'kamwa, ankawapatsa mpando n'kufunsa, "Bambo, kwenikweni chikukuopsani n'chiyani?" Ankayankha funso lililonse, ngakhale lomwe anayankha dzulo lake. Anawatsegulira furiji, kuwaonetsa kabotolo, kuwaonetsanso phewa lawo pomwe iwo eni anabayitsa. Ine kuseri kwa khoma ndinkangodula ulusi ndi mano chifukwa cha ukali. Ndikanakhala ine ndikanawamangirira pampandopo.

Tsiku lina bambo anatsitsa mawu n'kufunsa alamu, "Apongozi, sitolo yanuyi ili ndi khomo lina?"

Lilipo, lolowetsera katundu. M'mawa mwake analowera kumeneko, ine ndikuwaperekeza. Alamu anawapukuta phewa ndi thonje, kubaya, kumata kapulasitala, n'kuwakhazika pa katoni m'chipinda chosungira katundu. Katoniyo inali itaphwatalala kale pakati. Apo m'pamene ndinazindikira kuti khomo limeneli limalandira anthu ambiri.

"Winanso ndani amakhala apa?" ndinafunsa.

"Za anthu anga sindinena, alamu," anatero akutaya singano m'kabokosi kake.

Masana ndinawoloka kukapereka thalauza la wometa lomwe ndinapinda. Ndinapeza bambo ali pampando wawo wamasiku onse, miyendo yonse iwiri ili gwa, anthu atawazungulira. Mlonda wina wachikulire, amene amatsokomola kuposa iwo, anali ataimirira, akuwafunsa ngati n'kwanzeru kuti akabayitse.

"Ine ngakhale mkamwini wanga yemwe walephera kundigwira," bambo anayankha. "M'thupi langali simunalowepo zimenezo."

Mlonda anagwedeza mutu n'kukhalanso pansi.

Ndinapsa mtima mpaka thalauza linandipulumuka m'manja. Bambo atandiona ndikutsegula pakamwa anadzuka msangamsanga n'kundikokera panja, ndi mkono womwewo womatidwa pulasitala.

"Bambo, mukunamiza munthu wodwala."

"Iwe, tamvera," ananong'ona. "Amuna a mkulu wako akuti katemerayu ndi wa chaka ndi chaka. Ukangonena pano, chaka chamawa sindipitako."

Mlonda uja ankatsokomola mkatimo. Pambali panga chifuwa cha bambo chinkalira pang'onopang'ono, monga chimayambira nthawi zonse. Ndinalowanso, ndinatola thalauza, ndinalikung'untha, ndinapatsira mwini wake, ndipo ndinadutsa pafupi ndi mlondayo osanena kanthu.