Nkhope ya Feliya pa Tisheti

Feliya ndi mng'ono wanga, koma anandipitirira msinkhu akadali Sitandade 6. Nyengo ya fodya ankapachika masamba m'chigafa osaponda pampando. Manja ataliwo ndiwo anamulowetsa mpira wa ntchemberembaye. Ine sukulu ndinaisiyira Fomu 3, ndili ndi pathupi pa Luntha. Iye anafika ku koleji, kumene amaphunzira ulere chifukwa chogoletsera timu ya sukulu.

Chaka chatha, tsiku la msika ku Nkhamenya, ndinaona bambo wa kabaza atavala tisheti yoyera, pachifuwa pali nkhope ya Feliya ikumwetulira. Kuno kwathu nkhope ya munthu wamba imakwera pa tisheti akamwalira. Mwana ali kumbuyo, ndinagwira bamboyo pamkono kumufunsa kuti mtsikanayo wafa liti. Anadabwa, n'kundionetsa kumsana: panali dzina la shopu ya feteleza ya a Samsoni, amene amagulira timuyo mayunifolomu.

Koma wina anali atathamangira kale kumudzi kukanena kuti Feliya wamwalira. Ndinapeza amayi akugubuduka pakhonde, azimayi a mvano atayamba kusonkhana.

Titamuimbira, Feliya anaseka, koma atamva mawu a amayi analeka. Za tishetiyo panalibe anamufunsa. Anapita kwa mkulu wa zamasewera, amene anamuuza kuti malamulo salola wophunzira kulandira kanthu pa zotsatsa malonda, komanso kuti chithunzi chojambulidwa mu yunifolomu ndi cha timu. Anamukumbutsanso amene amamulipirira sukulu.

Ine ndinachita mantha. Ndinamuchonderera Feliya kuti angokhala chete, poti akamuchotsa sukulu abwera kudzasoka fodya ngati ine.

"Achemwali," anatero, "kusewera ulere ndinavomera. Koma kufa kuti feteleza agulidwe sindinavomere."

Pa masewero omaliza a makoleji ndinapitako. Feliya anavala yunifolomu bwinobwino, n'kukakhala pansi kunja kwa mzere. Wenzulo italira, mnzake Emmie anatuluka m'bwalo kukakhala pambali pake, kenako enanso onse. A Samsoni, amene anabwera kudzapereka chikho, anafunsa chavuta. Feliya anagwada monga tinaleredwera, n'kuwafotokozera mmene amayi analirira maliro a mwana wamoyo.

A Samsoni ndi a konkuno, sanafunike kuuzidwa kawiri. Loweruka lake anafika kumudzi kudzapepesa, nkhuku ili m'manja, ndipo amayi anawasiya aime kaye padzuwa asanawayalire mkeka.

Za kulipira osewera, akuluakulu a koleji akuti akukambiranabe. Koma tsopano sajambula mwana wa munthu pa malonda osamufunsa iye ndi kwawo. Feliya sanamuchotse, ali chaka chachitatu. Foni ikalira kuchokera kwa iye mtima umandigundabe, koma anthu akandifunsa ndimayankha mokweza kuti inde, wamtali uja ndi wa m'nyumba mwathu.