Mzere Umene Amayi Anaimapo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi chaka chimene mudzi wathu, kumtunda pang'ono kwa Chipoka, unasankha koyamba munthu woyang'anira za chitetezo. Ndinali mtsikana wolongolola. Chilichonse chimene ndaona ndinkafuna ndichitule msanga kwa munthu, ndipo amalume a Yobe, mlongo wawo wa amayi, ankanditcha Wayilesi. Akafika pakhomo ankatsamiritsa njinga pankhokwe n'kunena kuti, "Tatsegulani Wayilesi timve za m'mudzi muno." Ine pomwepo n'kuyamba kuwayalira: wakuti wagula mbuzi yopunduka, wakuti wathawa kusukulu, akutiakuti ayambana pachitsime chifukwa cha ndowa. Ankaseka mpaka kupukuta misozi, ine n'kumadziona kuti ndine munthu wofunika zedi.

Amalumewa ndiwo anali mwini mbumba. Bambo anga anali mkamwini wofatsa, wogwira ntchito ya panjanji, ndipo nkhani zikuluzikulu za pakhomo pathu zinkadikira amalume. Anali ndi ng'ombe ziwiri ndi pulawo, ndipo mvula ikayandikira ankayamba kutipula munda wa mpunga wa amayi asanakhudze wawo. Koma chimene ndimachisowa kwambiri ndikakumbuka masiku amenewo ndi kuseka kwa awiriwa. Amayi ankawanena amalume za dazi lawo, eti ntchentche zimaterereka. Amalume ankabweza kuti tiyi wa amayi ndi madzi otsukira makapu, kwinaku akupempha kapu yachiwiri. Anali anthu akuluakulu, koma akakumana ankasanduka ana a bere limodzi.

Zaka zimenezo umbava unali utavuta. Maukonde ankasowa padoko, mbuzi zinkatuluka m'makola, ndipo mpunga unkamwetedwa m'munda mwini wake asanaulawe. Anyamata a m'mudzi anayamba kulondera ndi zibonga ndi mawenzulo, ndipo amalume anangopezeka ali patsogolo pawo popanda wowasankha, chifukwa cha mawu awo aakulu ndi mtima wosaopa. Kunena zoona, umbava unachepa. Koma manja a anyamata aja anali olemera, ndipo panalibe woti n'kuwadzudzula, poti aliyense mwa iwo anali mwana wa winawake. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Tsiku lina m'mawa anagwira mnyamata wamasiye, dzina lake Maliko, atasenza thumba la mpunga wa eni. Anamumenyera pabwalo la mpira anthu akuonerera. Atamusiya, amayi ndiwo anamudzutsa n'kubwera naye pakhonde pathu, n'kumutsuka mabala ndi madzi ofunda a mchere. Ndikukumbukira madzi a m'beseni akufiira pang'onopang'ono, ndi Maliko akugwira khutu lake lamanzere, osalira n'komwe. Khutu limenelo silinamvenso mpaka kalekale. Amalume atadutsa anangoti, "Wakuba samunyengerera, achemwali." Amayi anangofinya kansalu n'kupitiriza.

Patapita miyezi ingapo kunabwera apolisi kudzachititsa msonkhano. Anati dera lililonse lisankhe komiti ndi wapampando wake, woti aziyang'anira anyamata olondera, azionetsetsa kuti wogwidwa akufika kupolisi ali wathunthu, ndiponso azikatula madandaulo a anthu, ngakhale odandaula za apolisi eniakewo.

Nkhaniyi inaugawa mudzi. Pachitsime, pachigayo, potuluka m'tchalitchi ndi kumzikiti, nkhani inali yomweyi. Akuluakulu amene anakulira m'nthawi ya chipani chimodzi ankangopukusa mitu. A Chimbalanga, nkhalamba yosoka maukonde, ankati, "Ife tidakula tikuthawira m'chimanga tikaona chipewa cha wapolisi. Lero mukuti mlimi wa mpunga akamufunse wapolisi chimene wachedwera? Pitani, mudzatiuza mukabwerako." Ena ankati mavoti ndi a andale, anadanitsa kale anthu pa nthawi ya zipani, nanga kuwabweretsanso pa nkhani ya mbuzi n'kufunanji. Koma azimayi ogulitsa usipa anaikonda nkhaniyi. Iwo ankati munthu amene wadzikhazika yekha pampando sungamuchotse, koma amene mwamukhazika nokha, tsiku lina mukhoza kumuuza kuti tadzukanipo. Bambo anga atafunsidwa maganizo awo anangoti, "Ine ndidadzera mkazi kuno," ndipo tsiku la chisankho analawirira kuntchito, ngakhale linali tsiku lawo lopuma.

Opikisana pa mpando wa wapampando anali awiri. Woyamba anali amalume, ndipo aliyense ankati awa apambana kale. Wachiwiri anali Abiti Saidi, mayi wamasiye wogulitsa usipa wouma, wamfupi, wolankhula motsitsa, amene ankadziwika poleretsa mikangano ya asodzi padoko. Azibambo ambiri ankaseka, ati mkazi angalamule bwanji anyamata a zibonga. Abiti akamva ankangoti, "Inshallah, tikaonera pabwalo."

Chisankho chinachitika Loweruka, dzuwa la mwezi wa Okutobala likuswa mtengo, pabwalo lomwe lija la mpira. Mapepala ovotera kunalibe. Kwathu kavotedwe kanali kotere: opikisana ankawaimika motalikirana pang'ono atayang'ana kugolo, n'kuwamanga chitenje kumaso. Kenako aliyense ankakaima pamzere kumbuyo kwa amene akumufuna, mwakachetechete, ndipo aphunzitsi aakulu ankayenda n'kumawerenga akugwira paphewa la munthu aliyense. Akamaliza, anthu ankabalalika n'kusakanikirana akuimba nyimbo, ndipo pokhapo m'pamene ankamasula zitenje zija. Ana ankatithamangitsa kuti tingasokoneze mizere, choncho ine ndi anzanga tinakwera mumtengo wa mango wa kuseri kwa kalasi, pamene zonse zinkaoneka bwinobwino.

Amayi anafika mochedwa, atabereka mng'ono wanga wakhanda kumbuyo, mizere itayamba kale kutalika. Anaima pakati, namasula chitenje chawo n'kuchimanganso, ngakhale chinali chisanamasuke. Kenako anawerama mutu n'kupita kukaima kumapeto kwa mzere wa Abiti Saidi. Ndinaganiza kuti asochera, ndipo ndinatsala pang'ono kukuwa kuti amalume ali uko. Koma aphunzitsi anali atayamba kale kugwira mapewa.

Abiti anapambana, kuposa amalume ndi anthu ochepa kwambiri. Nyimbo itayamba ndi anthu atasakanikirana, anawamasula onse awiri. Amalume anaphethiraphethira chifukwa cha kuwala, anapita kukagwira chanza cha Abiti, ndipo anatenga njinga yawo n'kulunjika kwathu.

Amayi anawaikira mpando pamthunzi n'kuwatungira thobwa m'kapu yaikulu. Ine ndinakhala pansi pafupi ndi mapazi awo monga mwa masiku onse. Amalume anapukuta thukuta padazi n'kupumira m'mwamba.

"Basi, anthu asankha," anatero. "Koma ine mtima uli m'malo, chifukwa mbumba yanga yonse inali pambuyo panga. Zikomo, achemwali."

"Imwani thobwa, achimwene, dzuwa lakupwetekani," anatero amayi.

Apa m'pamene ndinaona kuti amalume alibe nkhani yonse, ndipo amene anali nayo ndinali ine. Mtima unadumpha ndi chisangalalo.

"Iyayi amalume, amayi sanali kwa inu. Anali kwa Abiti Saidi, kumapeto, kumbuyo kwa anaPhiri a pachigayo. Ndawaona ndili mumtengo."

Ndinadikira kuti aseke. Sanaseke. Akulu anga, amene ankapeta mpunga chapafupi, anaimitsa lichero. Amalume anaika kapu pansi pang'onopang'ono, thobwa asanalawe, n'kuyang'ana amayi.

"N'zoona, achemwali?"

Amayi anadzutsa mutu. "N'zoona. Khutu la Maliko, achimwene."

Amalume anaimirira n'kutenga njinga. Sanaikwere, anangoikankha mpaka anakhota kuseri kwa nyumba ya aneba.

Amayi sanandimenye, ndipo mpaka lero ndimaona kuti bola akanandimenya. Anatola kapu ija, nabwezera thobwa mumtsuko, n'kunena osandiyang'ana kuti, "Tamala, si zonse zimene maso aona zili za pakamwa." Ndinalira, koma kulira kwake kunali kwa mkwiyo. Kusukulu ya Sande ankatiphunzitsa kuti bodza ndi tchimo, nanga ine ndinalakwa chiyani?

Mvula itagwa, ng'ombe za amalume zinadutsa m'mbali mwa munda wathu kupita kwa ena. Tinatipula ndi makasu, amayi, akulu anga ndi ine, bambo n'kumatithandiza Loweruka. Dothi la kudambo ndi lomata, limakakamira kukhasu, ndipo m'manja mwanga munatuluka matuza amene ankaphulika n'kutulukanso. Tinawokera mochedwa, theka la munda lokha. Aneba akafunsa za amalume, amayi ankamwetulira n'kunena kuti chibale ndi fupa, sichiola. Koma belu la njinga likalira kumsewu ankasiya chimene akuchita n'kutchera khutu, ndipo ine ndinkathawira kuseri kuti ndisaone nkhope yawo njingayo ikapitirira.

Za Abiti Saidi, sindinganame kuti anathetsa umbava. Mbuzi zinkasowabe, ndipo obedwa ankawatukwana kuti akulera akuba. Chimene chinasintha n'chakuti zibonga zinkasungidwa kunyumba kwawo, ndipo wogwidwa ankayenda ndi miyendo yake mpaka kupolisi, Abiti ali pambuyo ndi ambulera yawo. Akafika ankakhala pabenchi osachoka mpaka nkhani italembedwa m'buku. Pa chisankho chotsatira anthu anawabwezeranso, ndipo pa chinacho anawachotsa n'kuikapo wina, monga ankanenera azimayi a usipa aja. Ngakhale a Chimbalanga ndinadzawaona ataima pamzere ndi ndodo yawo, akung'ung'udza kuti dzuwa likuwawotcha.

Amalume anapondanso pakhomo pathu patatha zaka ziwiri, akulu anga akukwatiwa, chifukwa unkhoswe sakana. Ntchito yawo anaigwira bwino, ndipo chaka chotsatira ng'ombe zinabwereranso m'munda mwathu. Koma kuseka kuja sikunabwerere. Ankapatsana moni waulemu, kufunsana za mvula ndi za matenda, ngati anthu ongopemphera tchalitchi chimodzi. Inenso sanandiitanenso ndi dzina lina koma Tamala. Zinakhala choncho mpaka amayi anamwalira, ine ndili kale pantchito ya uphunzitsi kutali ndi kwathu.

Chaka chitatha chimwalirire amayi ndinapita kukawaona amalume. Ndinawapeza atakalamba, akusenda mtedza pakhonde, maso atayamba kuchita khungu. Ndinagwada n'kuwauza zimene ndinazisunga zaka zonsezo, kuti ndine ndinawadanitsa ndi mlongo wawo, ndipo andikhululukire. Anapitiriza kusenda mtedza.

"Iwe umaganiza kuti udandiuza zachilendo?" anatero. "Chitenje chimatseka maso, mphwanga, makutu ayi. Tsiku lija amako adabereka mng'ono wako kumbuyo, ndipo mwanayo adalira. Kulira kwa mwana wa m'mbumba mwanga ndingakusokoneze ine? Kudachokera kumanzere, ku mzere wa Abiti. Ndidadziwa aphunzitsi asanayambe n'kuwerenga komwe."

"Nanga munawathokozeranji amayi?" ndinafunsa.

"Mawu amenewo ndidayenda ndikuwakonza njira yonse. Ndinkafuna tonse tingodutsapo. Amako adandimva, n'chifukwa chake adangoti imwani thobwa. Tidali titamvana kale. Koma nkhani itatuluka poyera, ana akumva, ndidayenera kufunsa, iwonso adayenera kuyankha." Anataya makoko m'lichero. "Kwinako ndi kuuma mutu kwanga. Amako sadalakwe. Mnyamata uja ndimakumana naye kumsika, amatembenuza mutu kuti amve moni wanga."

Masiku ano ndikamva anthu akukana zosankha oyang'anira chitetezo, ati mavoti amadanitsa abale, sindifulumira kuwatsutsa. Ndikudziwa kuti m'mudzi munthu savotera mlendo wa pachithunzi, amasankha pakati pa mlongo wake ndi mnansi wake, ndipo mawa onsewo akumana nawo pamaliro. Amayi anaima pamzere uja akudziwa chimene angataye, ndipo ndimawanyadira. Koma ndinazindikira mochedwa kuti chitenje cha kumaso chija sichinali chobisira wopikisana kanthu, poti m'mudzi simubisika kanthu. Chinali chomupatsa wolephera mpata woti achite ngati sakudziwa, kuti athe kukhalanso pakhonde la mbale wake popanda wina kugwada kapena kupepesa. Akuluakulu awiri anali atapatsana mpata umenewo mwaulemu, ine n'kuutseka ndi nkhani yoona.

Nditatsanzikana ndi amalume ndinayenda mothamanga, mtima ukundiuza kuti nkhani iyi amayi akanayenera kuimva, kuti mlongo wawo ankadziwa ndipo anali atawakhululukira asanafike n'komwe pakhomo. Ndili pakati pa njira ndinaima. Amayi ankadziwanso zimenezo kuyambira tsiku lomwelo, ndipo anakhala nazo zaka zonsezo osandiuza, kuti mwana wawo ndisasenze katundu woposa msinkhu wanga. Pakhomo paja, amene sankadziwa kanthu ndinali ine ndekha.