Swichi ya abambo

Chaka chimene fodya wathu anayenda bwino, abambo anaitana mmisiri kuti aike mawaya m'nyumba yathu ku Njombwa. Mababu anapachikidwa, koma mmisiriyo anati magetsi sangalumikizidwe popanda chilolezo cha ku khonsolo. Abambo anatuma ine.

Nditafika ku boma, ndinasuzumira pawindo la ofesiyo. Padesiki panali Esinati, yemwe ndinkamuseka ku pulayimale chifukwa cholephera masamu. Iye anali atatchena suti, ine zala zili bii ndi utomoni wa fodya. Ndinabisa manja m'matumba n'kubwerera, mwamuna wandevu ine, kukadya tchipisi padepoti kuti nthawi ipite.

"Mwayendako bwanji, mwananga?" anandifunsa abambo.

"Mabwana ali ku msonkhano, bambo. Akuti ndidzapitenso."

Msonkhano umenewo ndinaukhalitsa miyezi. Abambo sanandikayikire ngakhale kamodzi. Akamatuluka m'chipinda mwawo ankadina swichi n'kuseka okha. "Ndikuyeserera," ankatero, "kuti tsiku lakelo ndisadzachite manyazi."

Anamwalira mvula isanagwe. Amayi a mumpingo anawaimbira nyimbo m'nyumbamo atayatsa makandulo, babu likungolendewera pamwamba pa bokosi.

Maliro atatha ndinapitanso, ndipo ulendo uno ndinalowa. Esinati anandithandiza mwaulemu, n'kundifunsa dzina langa. Sanandikumbukire n'komwe.

Lero magetsi akuyaka. Swichi ya m'chipinda cha abambo idakali yakuda pomwe ankadinapo ndi chala chawo cha fodya. Mkazi wanga akafuna kuipukuta ndimamukalipira, ndipo mpaka pano sadziwa chimene analakwa.