Makina Ochotsa Mchere a Bambo Lamson

Ku Midland kuno, kutsidya kwa nyanja, palibe amene sawadziwa bambo Lamson, aja osamalira okalamba, oyenda ngati nsapato zikuwaluma. Kwawo ku Chikwawa ankakonza mijigo. Ine miseche sindiikonda, mufunse aliyense, koma galaja yawo yayang'anana ndi zenera langa, ndiye maso ndiwaike kuti?

Atangofika kuno anamva kuti madzi ena a pampopi amachokera m'nyanja yamchere, makina n'kuchotsa mcherewo. Mutu unabalalika. Kwawoko mjigo umatulutsa madzi owawa, oti nyemba sizipsa, sopo sachita thovu, moti mlongo wawo wamkulu, Vera, amene anawalera makolo atamwalira, ankakatunga akumwa ku Shire, kwa ang'ona.

Basi galaja inasanduka fakitale: mapaipi, masefa, kapampu ka sola. Akaweruka ankathira mchere m'ndowa, kulawa, kuonjezera, mpaka madziwo awawe ngati a kwawo. Akazi awo, Annastazia, anayamba kubisa mchere wa ndiwo m'kabati ya zovala.

"Alamu, mwayamba using'anga?" ndinkawafunsa pampanda.

"Sekani, alamu. Tsiku lina mudzamwa."

Makina anatheka mwezi womwe Korona anatseketsa malire. Ndege zii. Annastazia anati, "Abambo, tumizani pa sitima yapamadzi, akalumikiza okha."

"Akalumikiza ndani? Anthu omanga nati ndi mwala aja? Ndikamanga ndekha, kapu yoyamba ndikawapatse achemwali ndi dzanja langali."

Anawafunditsa bulangete makinawo ngati wodwala malungo, n'kumadikira malire. Chaka chinatha, china chinayamba. Vera pafoni ankangoseka: "Iwe Lamson, madzi ako aja andipeza ndili ndi mano?"

Lachitatu lina masana, bambo Lamson ali kuntchito kumwetsa tiyi nkhalamba ina, foni inalira. Vera anali atapita kumtsinje m'mawa. Anthu anakapeza chigubu chokha chikuyandama m'bango.

Maliro tinakhalira pabalaza pawo, anthu ochepa monga lamulo linkanenera, tikuonera mwambo wa kumudzi pa foni itatsamira botolo patebulo. Kumudziko ankaika thunthu la nthochi m'bokosi, poti thupi silinapezeke. Nyimbo ili mkati, bambo Lamson anadzuka n'kulowa m'galaja. Tinamva kapampu kakulira. Ndinakodola mnzanga amene ndinakhala naye pafupi kuti aone misala, koma bambowo anatulukira ndi jagi m'manja. Kapu yoyamba anaiika patsogolo pa foni. Yachiwiri anandipatsa ine.

"Imwani, alamu. Paja ndinakulonjezani."

Ndinamwa. Madzi okoma, opanda ndi kamchere komwe.

Malire anatseguka kalekale. Makina akadali m'galaja, m'bulangete lomwe lija. Mchere wa Annastazia unabwerera kukhitchini, palibenso woukhudza.