Msoko Umene Unang'ambika

Kasingano, monga ankamutchulira chifukwa cha kuonda kwake, anachotsedwa ntchito ku fakitale ya zovala atangogwirako miyezi yochepa. Mlandu wake unali wowonjezera nsalu m'chiuno mwa madiresi. Kapitawo anati miyezo imachokera kutsidya kwa nyanja, kumene eni fakitale amakhala, ndipo palibe woisintha.

Anali wamasiye. Anakatsamira kwa azakhali ake, m'kachipinda momwe munali makina akale osokera, opalasa ndi mwendo. Makinawo akapanda kumudyetsa, kwina kogwira kunalibe.

Iye anakhulupirira kuti wolakwa ndi iyeyo. Choncho anayamba kusoka motsata buku la kusukulu ya utelala, osaphonya mzere. Madiresi ankakongola pa chidole choyezera, koma pa anthu ankathina kumbuyo ndi kulendewera m'mapewa. Makasitomala akadandaula, ankawalangiza kuti achepetse kudya. Mmodzimmodzi anasiya kubwera.

Azakhali, pomumvera chisoni, anamupatsa nsalu kuti awasokere diresi. Poliyesa, anangowerama kuti atole nsapato, msoko wakumbuyo phwee, mpaka pansi. Anaseka mpaka kugwetsa misozi.

"Mwana wa achimwene," anatero, "chidole chakochi chinaberekapo? Ine ndabereka asanu. Yeza ine."

M'mawa mwake Kasingano anatenga masaka ndi thonje, nayamba kupanga zidole zake. China chinali ngati azakhali, china ngati mayi wogulitsa makala pakona. Amayi a pamsika ankamuseka kuti wayamba kulanda Mulungu ntchito, komabe ankaima, kukweza manja, iye n'kuwayeza. Madiresi oyamba anakanika. Ankamasula, n'kusokanso.

Patapita nthawi, zovala zake zinayamba kukhala pathupi ngati munthu anabadwa nazo. Mayi ankatha kuwerama, kubereka mwana kumbuyo, kukwera basi osagwirira siketi. Kachipinda kanachepa. Anatsegula shopu, nalemba atsikana ntchito.

Kenako kunabwera nthumwi ya kampani ina yaikulu ya kunja. Inkafuna kugulitsa madiresi ake m'mayiko ambiri, koma pakolala palembedwe kuti ndi za anthu opitirira muyezo. Atsikana anamukodola kuti avomere msanga.

"Muyezo wa ndani?" anafunsa Kasingano. "Amayi awa sanapitirire kanthu. Lembani kuti ndi saizi yapakati, apo ayi tisiyane bwino."

Nthumwi inanyamuka. Panapita miyezi kuli zii, atsikana akung'ung'udza, iye akungopalasa makina. Koma madiresi ake anali atayamba kale kuwoloka malire m'zikwama za amayi apaulendo, ndipo ofuna anachuluka. Nthumwi inabweranso, mawu atafewa. Pakolala analemba zimene Kasingano ananena.

Inu amene munauzidwa kuti ndinu olakwika chifukwa simukwana mu muyezo wa anthu amene sanakuonenipo, funsani kaye amene anaupanga. Mukatero, bwererani pa ntchito yanu. Musagwe ulesi, ndipo mtima usafooke.