Sitima Imene Inagulidwa Ndili pa Notisi

Ndisanabwere ku Doha ndinali venda wa kaunjika mu Limbe, chakufupi ndi pokwerera mabasi. Ndinkagulitsa majekete. Sindinali wakuba, koma ndinali ndi singano. Ukatsegula belo umapeza jekete limodzi la dzina lalikulu koma long'ambika m'khwapa, ndi ena ambiri abwinobwino opanda dzina. Ndiye ndinkasosola kansalu ka dzina kaja pakhosi n'kukasokerera pa jekete losang'ambika. Wogula ankayamba wayang'ana pakhosipo. Akamwetulira ndinkadziwa kuti wagwa kale, changotsala n'kumudzutsa mwaulemu.

Ndikunena izi kuti mudziwe kuti zomwe ndikufuna kufotokozazi sizinagwere munthu wogona. Zinagwera ine, amene ndinkadziwa kumene singano imalowera.

Ku Doha ndinalowa ntchito pa hotela ina yapamwamba. Ndinayamba n'kunyamula zikwama, kenako patapita zaka anandikweza kupita pamwamba penipeni, kumene kuli zipinda za anthu amene safunsa mtengo wa chinthu. Ndinali nditangoyamba kuzolowera makapeti a kumeneko pamene matenda aja anafika. Hotela inasanduka ya kwarantini. Ntchito yanga inakhala yoika thireyi ya chakudya pakhomo, kugogoda kawiri, n'kuthawa. Ndinkavala chipulasitiki kuyambira pakhosi mpaka kumapazi, thukuta likuyenderera mpaka m'sokosi. Miyezi inatha chomwecho. Alendo ndinkawadziwa ndi chifuwa chawo: wa chipinda chapakona ankatsokomola ngati mbuzi, woyandikana naye ankalira mwana. Pogona ndinkagogodabe zitseko m'maloto. Ndinatopa kutopa kumene tulo sitichotsa.

Nthawi yomweyo lamulo la ntchito linasintha. Kale, kuti uchoke pantchito umayenera kupempha kalata kwa bwana amene ukufuna kumuthawayo. Tsopano ankati ungopereka notisi basi, ndipo kwa ife amene tinapitirira zaka ziwiri inali ya miyezi iwiri. Kumalo ogona antchitofe aliyense anasanduka loya. Ambiri ankangolankhula, ochoka anali ochepa.

Amene anandiika sitima m'mutu anali madala ena a ku Mulanje, amene ankayendetsa galimoto ya banja lina ku Al Messila. Ali achinyamata anagwirako ntchito pa sitima yapamadzi yonyamula anthu okaona malo, yaing'ono, ya olemera okhaokha. Anakwerera ku Kapetawuni. Zaka zinali zitapita zambiri, koma akaitchula sitimayo ankakhala mowongoka. Lachisanu lina anandiitana.

"Kampani yanga ija ikulembanso anthu," anatero. "Masitima ayamba kudzuka. Ejenti ali ku Al Mirqab. Pita."

Ndinapita. Ejentiyo anandiyang'ana mano, zikhadabo ndi mapepala, n'kunena kuti gawo loyamba ndadutsa. Intavyu yomaliza, ya eniake a kampani, idzakhala pakatha masabata asanu ndi limodzi, ndipo akufuna munthu amene akamutenga angonyamula chikwama. Wokhala ndi notisi yosayamba samufuna. Ine amene sindinkamasula jekete m'manja wogula asanatulutse dzanja m'thumba, ndinapereka notisi ku hotela mawa lake. Manijala wathu, bambo wamfupi wosakonda kuyang'ana munthu kumaso, anangoti, "Khalas," kutanthauza kuti zatha, n'kupitiriza kuyang'ana pa kompyuta.

Kuyambira pamenepo ndinali ndi miyezi iwiri. Sitima ikandikana, ndilibe ntchito, ndipo ku Doha munthu wopanda ntchito sakhalitsa. Ku Machinjiri kunali mkazi ndi ana awiri amene ndinali nditawauza kale kuti bambo awo akukwera sitima.

Madala anadzipereka kundiphunzitsa. Lachisanu lililonse masana ndinkapita kukachipinda kawo ka pambali pa galaja. Ankakhala pa mpando wapulasitiki, n'kupinda mwendo, n'kusanduka mlendo wolemera. Ine ndinkaima ndi botolo la madzi, kathawulo pamkono.

"Vuto lako ndi pakamwa," anatero tsiku loyamba. "Ukalowa m'chipinda, pakamwa pamayamba kulowa, iwe n'kubwera pambuyo."

"Pakamwa pomwepa ndi pamene panandifikitsa kuno, madala."

"Ndi pomwe pakubwezere ku Limbe. Thira madzi."

Ndinathira. Analawa, n'kuyang'ana botolo ngati ndi vinyo wa zaka zambiri.

"Mnyamata, vinyo ameneyu ndi wa ndalama zingati?"

"Inuyo bwana mwakonzeka zingati?"

Zinangotuluka zokha. Madala anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Venda iwe. Pa sitima imene ija mlendo analipira zonse asanaponde n'komwe. Vinyo, zochapa, ulendo wa kumtunda, zonse. Ukamutchulira mtengo wamutukwana. Akafunsa, umati zonse n'zanu bwana. Akakana chinthu, umachichotsa. Sumufunsa kachiwiri. Sumuuza kuti chatsala chimodzi."

"Nanga chikatsaladi chimodzi?"

"Pa sitima imene ija palibe chotsala chimodzi."

Anandiphunzitsa kuima osatsamira khoma, kutuluka m'chipinda osaonetsa mlendo msana, kuyankha ndi mawu osapitirira atatu. Anandiletsa kupukusa mutu ngati ndikumva chisoni ndi mtengo. Anandiletsa kuseka mlendo asanaseke. Chachikulu, anandiuza kuti za kaunjika ndizikwirire.

"Akakufunsa za kale, unali weta. Ukangotchula msika, aona fumbi pa nsapato zako ngakhale utapolisha."

Ndinkachoka kumeneko nsagwada zikuwawa chifukwa chosalankhula. Koma ndinaphunzira. Sabata lachinayi madala anandifunsa mtengo katatu m'njira zitatu, ine osagwa. Anandipatsa tiyi m'kapu yawo yabwino.

Sabata lomwelo nkhani inatuluka pa foni. Kampani ya madala ija, itafooka ndi miyezi yoimika masitima padoko, inagulidwa ndi kampani ina yaikulu, ya masitima aja okhala ngati tawuni yathunthu, okhala ndi maiwe osambiramo ana ndi nyimbo tsiku lonse. Ogulawo ankati palibe chisinthe, dzina likhala lomwelo, ulemu womwewo. Ndinawerenga kawiri ndili m'basi ya kuntchito. Lachisanu ndinawaonetsa madala.

"Ndaona," anatero. "Ndiye?"

"Madala, anthuwa agula kansalu ka pakhosi. Jekete abweretsa lawo."

"Sitima si jekete."

"Ayamba ndi sopo. Botolo lomwelo, zam'kati zina. Kenako weta amene ankaona zipinda zochepa amuwonjezera zina. Kenako vinyo wabwino amuika pa pepala lina lolipira. Mlendo wakale adzazindikira ulendo wachiwiri, koma adzakhala atakwera kale. Inetu ntchito imeneyi ndinkaigwira ndi manja anga."

"Munthu sagula chinthu chodula kuti achiwononge."

"Sachiwononga. Amachikama."

Madala anandiuza za mayi wina wokalamba amene ankakwera sitimayo chaka chilichonse, ndipo antchito ankadziwa kuti tiyi wake amafuna mkaka uyambe kulowa m'kapu. "Anthu ngati amenewo sungawagulitse kanthu," anatero. "Ogulawo si opusa. Akudziwa chimene agula." Ankalankhula ngati munthu amene akuteteza malemu bambo ake.

Ndinawasiya apambane. Zoona zake n'zakuti ndinkafuna kuti akhale olondola. Ndinali nditavutika mwezi wathunthu kupha venda mwa ine, notisi inali ikutha, ndipo ndinalibe mphamvu zoyambiranso kuganiza. Munthu wotopa amakhulupirira zimene zingamulole kugona.

Tsiku la intavyu linafika. Ofesi ya ejenti inali pamwamba pa sitolo ya magalasi a maso. Pakhomo anationa mafoni ngati akuonetsa zobiriwira, chizindikiro choti tilibe matenda aja, n'kutikhazika motalikirana, aliyense ndi masiki. Nthawi yanga itakwana ndinalowa monga anandiphunzitsira, mwakachetechete, n'kudikira kuti andiuze kukhala. Kuseri kwa tebulo kunali mayi wina wa kampani. Baji yake inali ya dzina lakale lija, la zilembo zagolide. Chingwe chopachikira bajiyo chinali cha kampani yatsopano. Ndinachiona. Diso langa la pakhosi silinafe. Ndinangoyang'ana kumbali.

Anandifunsa za hotela, za kwarantini, ndipo ndinayankha mwachidule. Kenako anatulutsa khadi n'kuliika patebulo. Linali la zithunzi: mlendo alipire kuti wojambula wa pa sitima azimutsatira tsiku lonse.

"Ine ndine mlendo," anatero. "Ndakhala pafupi ndi dziwe. Bwerani ndi khadili."

Ndinaganiza kuti ndi msampha womwe uja wa madala. Ndinaimirira, dzanja kumbuyo.

"Madamu, kodi pali chimene ndingakubweretsereni?"

"Khadilo n'la chiyani?"

"N'la zithunzi, madamu, ngati mungazifune."

"N'zodula kwambiri."

Mkati mwanga venda anali atadzuka kale. Anali ataona kuti pa foni ya mayiyo panali chithunzi cha mwana, ndipo mawu anali atafika pa lilime: madamu, mwanayu chaka chamawa sadzakhalanso chonchi, ndipo inu m'zithunzi zonse simuoneka chifukwa ndinu wojambula. Ndinawameza. Ndinawerama pang'ono, n'kutenga khadi lija patebulo.

"Monga mwafunira, madamu."

Anandiyang'ana pamwamba pa masiki kwa kanthawi.

"Basi?"

"Mlendo safunsidwa kachiwiri, madamu."

Analemba kanthu. Kenako anafunsa mofatsa, ngati akundiponyera chingwe: "Pa moyo wanu, munayamba mwagulitsapo chinthu chilichonse?"

Zaka zonse za mu Limbe zinadutsa m'maso mwanga, mvula, matope, mabelo, kuthamangitsana ndi a khonsolo majekete ali paphewa.

"Ayi, madamu. Ine ndakhala weta basi."

Anatseka fayilo. Anandifotokozera mwaulemu kuti malo a operekera m'zipinda achepetsedwa, ndipo otsalawo atenga antchito akale a pa sitima. Panopa akufuna anthu otha kulankhula ndi mlendo za zinthu zowonjezera: zithunzi, kutikita thupi, maulendo a kumtunda, vinyo wapadera. Anthu osachita manyazi akakanidwa koyamba.

Ndinakhalanso pansi popanda kuuzidwa.

"Madamu, ndiloleni ndikonze. Ine ndinali wogulitsa pamsika zaka zambiri. Bweretsani khadilo. Ndikugulitsani ilo, ndi tebulo lomwe."

Anaseka pang'ono, osati mwachipongwe. Anaoneka wotopa ngati ine.

"Ndiye mwanama liti, poyamba paja kapena panopa?"

Anaitana wotsatira.

Madala ndinawauza pa foni, chifukwa ndinalibe nkhope yopita nayo. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Khadi la zithunzi," anatero. "Pa sitima yanga."

"Eya, madala."

"Pafupi ndi dziwe, mlendo akupuma."

Sanandipepese, ndipo sindinayembekezere. Zinkamveka kuti iwo aferedwa kuposa ine. Ndinawatonthoza ndine, kenako anati abwana awo akuwaitana.

Notisi inali itatsala ndi masiku ochepa. Ndinasita malaya n'kupita kwa manijala wamfupi uja. Panjira ndinakonza zonse monga kale: osaonetsa njala, kutchula kuti kwina akundifuna, kuimirira ngati ndikuchoka. Ndinalowa n'kunena kuti ndaganiza mofatsa, ndaona kuti hotela ino ndi kwathu, ndipo ngakhale kuli ena akundiitana, ndingathe kukhala ngati tingagwirizane.

Kwa nthawi yoyamba anandiyang'ana kumaso.

"Sitima yakukana?"

Ku malo ogona kulibe chinsinsi. Ndinati sinandikane kwenikweni, tinangosiyana maganizo pa nkhani ya zithunzi.

Anati pamwamba paja anaikapo kale munthu wina. Chotsala ndi geti la kumbuyo, kolowera antchito ndi magalimoto a katundu: kuyeza anthu kutentha pamphumi ndi kuona mafoni. Ndinaimirira pang'onopang'ono, monga munthu amene akupita kukaona kwina. Anandisiya mpaka ndinagwira chitseko. Pamenepo ndinazindikira kuti sandiitana, ndipo ndinabwerera ndekha n'kukhala.

"Geti limene lija lilibe mthunzi," ndinatero.

"Lili ndi denga."

"Denga lamalata, bwana. Mundipatseko mpando ndi fani."

"Mpando ayi. Woyeza amaima."

"Ndiye fani."

Anapumira m'mwamba, n'kukankhira pepala lobweza notisi kwa ine. Ndinagwira cholembera osalemba, n'kumayang'ana kudenga. Tinakhala choncho, iye ndi ine, mpaka foni yake inalira kawiri.

"Yalla, chabwino, tenga fani," anatero. "Saina. Uyambe Lamlungu."

Ndinasaina.