Chimbudzi Chimene Bambo Anasungiramo Feteleza

Mboni zanga zilipo zitatu ndipo zonse zili moyo: mlongo wanga Tiyamike, msuweni wanga Yohane wa kwa Chulu, ndi aNabanda oyandikana nafe, amene mpaka lero akabwera kwathu amakana madzi akumwa. Wokayika akawafunse.

Ndikukumbukira chaka chimene kunamveka mphekesera yoti khomo lopanda chimbudzi sililandira kuponi ya feteleza. Bambo, amene moyo wawo wonse ankati tchire la ku Kasungu ndi lokwanira aliyense, anagwira khasu tsiku lomwelo n'kuyamba kukumba dzenje la chimbudzi. Dzenjelo linali lakuya moti tikawatsitsira mbatata yotentha, inkafika itazizira. Yohane ndiye ankagwira chingwe. Bambo anamanga chimbudzicho ndi njerwa zootcha, nafolera ndi malata, naika chitseko cha matabwa ndi loko. Ife eni ake tinkagona m'nyumba ya udzu yodontha.

Kuponi inabweradi. Matumba awiri atafika pa njinga, bambo anayang'ana denga la nyumba, anayang'ana chigafa cha fodya chopanda khoma, kenako anayala thabwa pa bowo la chimbudzi n'kusanjapo matumbawo. Kiyi anamuvala m'khosi. Ife tinapitiriza kukadzithandiza kukhwawa la kuseri kwa munda, monga kale.

A zaumoyo atadutsa anayamikira chimbudzicho ali panja, poti bambo anati kiyi wapita kumunda ndi amayi. Mbiri inafika kusukulu. Aphunzitsi anandiimiritsa kutsogolo monga mwana wa pakhomo laukhondo, anzanga n'kundiwombera m'manja. Ndinawerama mwaulemu, minga ya kukhwawa idakali kumapazi.

Khwawa lija linkatsikira kudambo, kumene kunali chitsime chosavindikira. Madzi ake tinkamwa, tinkathirira nazale ya fodya, tinkatsukira mpiru ndi tomato wa kudimba. Mvula yoyamba itagwa, zonse zimene tinasiya kumtunda zinatitsatira. Madzi anasanduka ngati tiyi wamkaka, akununkha kafungo kamene aliyense anakazindikira koma palibe anakatchula. Tiyamike anayamba kutsegula m'mimba, maso analowa m'kati, kulira kwake kunatha mawu. Amayi ankamumwetsa madzi a mchere ndi shuga, otunga pachitsime chomwecho. Ana awiri a aNabanda nawonso anadwala.

ANabanda anatsata njira ya madzi kukwera khwawa, mpaka kanjira kopondedwa bwino kanawafikitsa kuseri kwa nyumba yathu. Anabwera ndi amayi ena a m'mudzi. Anakhala pansi, anapereka moni wonse, anafunsa za odwala, kenako anati:

“APhiri, m'mimba mwandigwira. Ndibwerekeniko kiyi wa chimbudzi chanu chotchukachi.”

Bambo anavula kiyi n'kupatsa ine, mwana wowomberedwa m'manja. Ndinatsegula chitseko. M'katimo munali mozizira bwino, mopanda ntchentche ngakhale imodzi, matumba ali phee pa thabwa lawo. ANabanda anasuzumira nthawi yaitali.

“Ana anu ndi awa, aPhiri,” anatero. “Uja wagona pamphasa ndi wa ndani?”

Palibe anaseka. Ndinafuna kuchotsa thabwalo ndilowe m'dzenjemo, ndipo malo analimo.

Bambo anasenza okha matumba aja kukaika m'nyumba, nazula loko, nabereka Tiyamike pa njinga kupita kuchipatala. Tiyamike anachira, ana a aNabanda anachiranso. Mawa lake ine ndi amayi tinakakapa chitsime mudzi wonse ukuonerera. Feteleza anadontheredwa n'kuuma gwa, moti tinkachita kumusinja mumtondo. Kusukulu dzina langa linasanduka Akiyi, ndipo kumaliro anzanga akale amandiitanabe choncho.

Masiku ano kwathu kuli mjigo, ndipo khomo lililonse lili ndi chimbudzi chogwira ntchito yake. Changa n'cha njerwa, denga la malata, koma loko ndinakana. Wofuna kulowa amatsokomola, wa m'kati amayankha.